Mapemphero Otchula Mayina a Onesimo Nangwale

Ku Ndirande konse kunalibe wodziwa kupemphera ngati a Onesimo Nangwale. Umo ndi mmene eni akewo ankadzionera. Ntchito yawo inali ya umesenjala pa kampani ina m'tauni, koma ulemu wawo unali pakamwa. Pa maliro, pa chinkhoswe, ngakhale pa msonkhano wa nthambi ya chipani, kukamveka kuti "atitsegulire a Nangwale," amayi ankawongola miyendo podziwa kuti pakhalitsa.

Iwo ankakhulupirira kuti pemphero losatchula dzina ndi laulesi. "Ambuye, mukumbukire mlongo wathu Selina wa kuseri kwa chigayo, amene Satana wamuumitsa mtima kuti asagule khadi la chipani." Anthu onse ankatsinzina, kupatula anyamata a yufi a malaya ofiira. Kutacha, Selina anabwezedwa pachipata cha msika, tomato wake atapondedwa. Telala Hussain, amene sanapondepo m'tchalitchi mwawo, naye anapemphereredwa chifukwa chong'ung'udza, ndipo anakagona kupolisi. A Nangwale ankati amenewa ndi mayankho, nanyadira kuti mapemphero awo sachedwa panjira.

Pemphero ndi mawu a munthu wodzichepetsa pamaso pa Mulungu wodziwa zonse. Nanga Mulungu wodziwa zonseyo afuniranji kuuzidwa kuti kwa Selina n'kuseri kwa chigayo? Funso ili silinawavutepo a Nangwale, pakuti makutu amene iwo ankawafuna anali pamabenchi.

Chaka china mwana wawo Rafaeli analowa Mboni za Yehova, nakana kugula khadi. Ayufi atayamba kumufunafuna, mayi ake, a Veronica, anamuthawitsira kwa azakhali ake ku Bangwe.

"Bambo a Rafaeli," a Veronica anachonderera amuna awo, "Lachitatu lino mukapemphere chamumtima. Mulungu si wogontha."

"Mundiphunzitse kupemphera inuyo? 'Amen' wanu amene samveka ndi pa benchi yachiwiri yomwe?"

Komabe a Nangwale mwanayo ankamukonda, ndipo anapita ku mapemphero a Lachitatu, m'nyumba ya mkhristu mnzawo, ali ndi mantha enieni. Anagwada n'kuyesa chamumtima. M'katimo sanapezemo kanthu. Zaka zonsezo anali asanalankhulepo ndi Mulungu popanda omvera, ndipo sanadziwe poyambira. Wotsogolera atanena kuti "atitsekere a Nangwale," anapumira m'mwamba ngati munthu wotulidwa katundu, mawu n'kutuluka kudzera njira yawo yakale.

"Ambuye, mutchinjirize mwana wanga Rafaeli uko ali ku Bangwe, kwa mlongo wanga, m'nyumba ya chitseko chobiriwira, pafupi ndi mpope wa madzi!"

Misozi inagwa, amayi anabuula. A Nangwale anamva mumtima mwawo kuti chibadwire sanapempherepo mwamphamvu chotero. Amene anavomera "Amen" mokweza kuposa onse anali mkazi wa wapampando wa nthambi ya chipani.

Lachisanu masana ayufi anagogoda pa chitseko chobiriwira chija, Rafaeli n'kukwezedwa pa lole.

A Veronica sanalire pamaso pa amuna awo, ndipo analeka kuwayankhula. A Nangwale anadziwa chimene anachita, koma kudziwako kunawalemera masiku ochepa okha. Lamulungu lotsatira atapemphedwanso, anaimirira, nakonza tayi, nakhosomola kuti anthu atchere khutu.

"Ambuye, mufewetse mtima wa mkazi wanga Veronica, amene wakhala pa benchi yachitatu, kumbali ya zenera, pakuti ndiye anabisa mwana."