Laputopu Yomwe Inabwera ndi Maina Athu

Zimene ndikuuzeni pano si nthano ayi, ndipo sindinazitole pa mjigo kapena m'minibasi. Zinandichitikira ine mwini wake, m'nyumba ya aphunzitsi yodontha ija ya ku Njombwa. Maina sinditchula, mundikhululukire, mukamafika kumapeto mudziwa chifukwa chake. Mulibe mfiti m'nkhaniyi, mulibenso mzukwa, koma zaka zonsezi zapita ndikangoona munthu akutsegula laputopu zonse zimandibwerera m'maganizo.

Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi wa pulayimale, mayi wamasiye, ndili ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka khumi ndi zitatu. Ndinali nditatopa ndi kukhala pa giredi imodzimodzi ngati chitsa, anzanga amene ndinayamba nawo ntchito akungondidutsa, ndiye ndinalowa maphunziro aja ophunzira uli kunyumba kuti ndipezeko dipuloma. Vuto lake, ntchito yonse ankafuna yotayipa. Sabata iliyonse kukwera kabaza kupita ku tireding'i senta, kulipira wotayipa, iye n'kukusokonezera ziganizo, iwe n'kulipiranso kuti akonze zimene walakwitsa yekha. Munthu ungapirire zimenezo mpaka liti?

Koma ndisanapite patali, pali china choti mudziwe, chifukwa popanda chimenechi nkhaniyi simuimva. Amuna anga atamwalira, abale awo anagwirizana kuti chinawapha ndi fumbi la fodya la m'zigafa, popeza ankatsokomola kwambiri, ndipo ine sindinatsutse. Zoona zake ndinkazidziwa ndekha. Ine ndi mwana wanga tonse tinali pa ma ARV, iye chibadwire. Mankhwala ndinkakatenga ku chipatala china chakutali, kudumpha chapafupi, kuti ndisakumane ndi kholo la mwana wa m'kalasi mwanga pa mzere. Kuchimuna kwanga ndinkawadziwa bwino, akanangomva akanati ndine ndinabweretsa matenda ndi kuwaphera mwana wawo, ndipo munda umene unkatidyetsa unali wawo. Mwanayo ndinkamuuza kuti ndi mankhwala a chifuwa chimene anatengera kwa bambo ake. Anamwino anandiuza kangapo kuti mwana wakula, ayenera kuuzidwa, ndipo akhoza kundithandiza kumuuza, koma ine ndinkangoti mwezi wamawa. Kunena zoona ndinkaopa nkhope yake.

Chaka chimenecho msika wa fodya utatsegulidwa, ndalama zitayamba kuyenda m'matumba a anthu, bambo wina wachisilamu amene anali ndi shopu yokonza mafoni anabwera ndi malaputopu asanu kuchokera ku Lilongwe. Ine nditawaseka kuti ayamba kugulitsa kaunjika wa makompyuta, anandikonza mwaulemu kuti si kaunjika ayi, ndi okonzedwanso, anali a bungwe lina limene ntchito yake inatha, ndipo amene anawagulitsa anawatsimikizira kuti m'kati monse anapukuta. Anali bambo achilungamo, zimenezo ndisawanamizire, zimene anauzidwa ndi zimene anandiuza. Anayi anali atapita kale, inatsala imodzi. Anati popeza mphunzitsi sathawa, amadziwika pomwe amagona, nditenge tsiku lomwelo, linali Lachisanu, ndikaiyese mpaka Lolemba, koma ndisachedwe chifukwa mlembi wa kalabu ya alimi a fodya nayenso ankaifuna, ankangodikira kuti ndalama za mabelo ake zilowe. Mlembi ameneyo anali mlamu wanga, mng'ono wa malemu amuna anga, munthu woti akamva nkhani m'mawa, pofika masana ndi mbuzi zomwe zaimva.

Kufika nayo kunyumba, sipanatenge nthawi kuti ndione kuti apa palibe chogula. Batire lake silinkasunga moto ngakhale nthawi yowiritsa tiyi, ukangochotsa chaja basi yazima. Mabatani awiri ankachita kufuna kuwakanikiza ndi mphamvu, ndipo ikatentha inkalira ngati chigayo. Pofika Loweruka m'mawa maganizo anga anali atatha, ndinati Lolemba ndikabweza, mlamu wanga avutike nayo yekha. Ndinailumikiza ku kasola kathu, n'kumusiyira mwana kuti azisewera makhadi a m'menemo, ine n'kupita kukachapa. Nditabwerako ndinamupeza atatseka kale, akusesa pakhomo posesasesa, koma sindinaganize kanthu, ana a msinkhu umenewo amasinthasintha ngati nyengo.

Lamulungu titabwerako kutchalitchi ndinati poti ili m'nyumba mwanga mwaulere, bwanji nditayipirepo ntchito imodzi ndisanaibweze. Ndinatayipa movutikira tsamba limodzi ndi theka, n'kusunga, kenako osadziwa kumene yapita. Pofufuza ndinayamba kutsegula foda iliyonse imene ndaiona, ina m'kati mwa inzake, mpaka ndinatsegula chinthu china chimene chinadzaza sikirini yonse ndi mizere. Maina a anthu, midzi yawo, manambala a foni, tsiku limene anayamba mankhwala, amene anadumpha tsiku lawo lokatenga, ndi amene anakawafufuza kunyumba. Poyamba ndinkangowerenga ngati munthu wowerenga nyuzipepala yakale. Kenako ndinaona dzina la mudzi umene ndimaudziwa, kenako dzina la mayi wina amene ndinkaimba naye kwaya, kenako la bambo wina wolemekezeka amene sindikanamuganizira n'komwe. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndikuwerenga kaundula wa chipatala chakutali chija, kumene tonsefe tinkathawira poganiza kuti tachenjera. Bungwe lija liyenera kuti linkagwira ntchito kumeneko.

Ndikanatseka pomwepo, koma ndani akanatseka? Ndinatsika mzere ndi mzere, ndikupemphera kuti mwina anandiiwala. Sanandiiwale. Dzina langa linalipo lonse, ndi dzina la sukulu yomwe, ndipo pansi pake penipeni panali la mwana wanga, ndi tsiku lake lobadwa, ndi mawu oonjezera akuti mwanayu sanauzidwe. Kunja kunkawomba mwera koma ine thukuta linali kamukamu. Ndinkamva mwana akutsuka mbale kuseri, anthu akudutsa pamsewu akuseka zawo, ine nditakhala pa mpando, ndikuganiza kuti chinthu chimenechi mawa chikakhala m'manja mwa mlamu wanga.

Mwina mukuti bwanji sindinangofufuta. Ndinafufuta, anzanga, ndinafufutanso ndi m'malo muja mumagwera zofufutidwa. Koma pa chikwangwani cha shopu ija, pansi pa mawu akuti timakonza mafoni, panalembedwa kuti timabwezeretsa zithunzi zofufutika, ndipo ndinali nditaonapo ndi maso anga mphunzitsi mnzanga akubwezeredwa zithunzi za ukwati wake. Ndiye kufufuta kwanga kunali chiyani? Sindinkadziwanso ngati kaundulayo analipo mmodzi yekha kapena anabisala m'mafoda ena. Ndinaganiza zowauza bambo a shopu aja kuti apukute bwinobwino, koma akanafunsa kuti muli chiyani, ndipo kuti apukute akanayamba aona. Pakhonde pa shopu pawo panali benchi pamene anthu ankakhala tsiku lonse kudikira mafoni awo, ndipo diso la munthu wodikira limagwera paliponse. Ndinaganizanso zoigwetsa m'madzi n'kunama kuti yangofa, koma ndiye ndikanalipira ndithu, iwo n'kuitenga kukaisegula m'kati.

Lolemba nditaweruka ndinapita nayo ku shopu kuja, ndipo ndinamupeza mlamu wanga atafika kale, atavala jekete latsopano, thumba litatupa. Anandilonjera mwachisangalalo, n'kundiseka kuti alamu mwaiyesa mokwanira, tsopano ibwere kwa eni ake odziwa ntchito yake, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Anatambasula dzanja kuti alandire chikwama chimene munali laputopuyo. Ine ndinachikumbatira ngati mwana wodwala, n'kunena kuti ndagula. Bambo a shopu anandiyang'ana modabwa, ndipo chilungamo chawo chija chinatsala pang'ono kundipha, chifukwa anayamba kundifunsa ngati ndaona za batire, ngati mabatani sanandivute, n'kundilangiza kuti ngati sindili pachangu ndidikire mwezi wamawa abweretsa zabwinoko, iyi ndiwasiyire alamu angawa amene kuofesi kwawo kuli magetsi. Ndinayankha kuti ndaikonda momwe ililimu. Mlamu wanga anawonjezera pa mtengo, nane ndinawonjezera, anthu a pabenchi n'kuyamba kutchera khutu. Pomaliza bambo aja anati anayamba kupangana ndi ine, ndiye ndi yanga. Ndinapereka ndalama imene ndinasungira fizi yanga ya teremu yotsatira, yonse. Mlamu wanga anachoka akung'ung'udza kuti akazi amasiye a masiku ano ndalama amazitenga kuti, ndipo mawu amenewo anayenda m'mudzi kwa miyezi.

Laputopuyo ndinaitsekera m'sutikesi pansi pa bedi, sindinatayipirepo ngakhale chilembo chimodzi. Maphunziro ndinaimitsa chaka chimenecho. Mtendere umene ndinagula sunabwerenso, chifukwa ndili m'njira yobwerera ndinakumbukira anayi aja amene anagulidwa kale. Anali ndi yani? Munali chiyani? Munthu akandipatsa moni motalikitsa ndinkati wawerenga. Kholo likabwera kudzapempha kuti mwana wake asinthe kalasi ndinkati lamva. Mayi wa kukwaya uja ndinkalephera kumuyang'ana m'maso, ndikudziwa za iye zimene sanandiuze. Kutopa kwake kunali koti ndinkadzuka m'mawa ngati ndagona ndikulima. Komabe masabata anadutsa, palibe ananena kanthu, ndipo ndinayamba kudziuza kuti ndapulumuka, ndalama ija sinapite pachabe.

Chakudza sichiimba ng'oma. Itayandikira nthawi yofesa nazale, mwana wanga anayamba kuonda, zilonda m'kamwa, kudya osadya. Ndinkadabwa chifukwa mankhwala ndinkamupatsa ndekha m'manja m'mawa uliwonse, iye n'kupita nawo kukamwera madzi kukhitchini monga mwa masiku onse. Tsiku lina Loweruka ndinatulutsa matiresi ake kuti awombedwe dzuwa, ndipo pamene panang'ambika panagwa kapepala ka shuga kodzaza ndi mapiritsi. Sindinawerenge, panalibe chifukwa, kuchuluka kwake kunkanena kokha kuti ndi a miyezi.

Ndinamuitana ndili ndi ukali, ndikufuna kumukalipira kuti akufuna kudzipha kapena chiyani. Iye anabwera n'kuima pakhomo, osalira, osanjenjemera, n'kundiuza mofatsa kuti anawerenga zonse Loweruka lija ndili kochapa, tsiku lathunthu ine ndisanazione. Anati anaona dzina lake, anaonanso mawu aja akuti sanauzidwe. Anati m'mawa mwake anadikira kuti mwina ndimuuza, koma ndinamupatsa piritsi n'kunena kuti imwa mankhwala ako a chifuwa. Anadikiranso tsiku linalo, ndi linalo. Kenako anaganiza kuti popeza iye sakutsokomola, mankhwala a chifuwa alibe nawo ntchito, adzayambiranso kumwa tsiku limene amayi ake adzamuuze kuti ndi a chiyani. Ndipo anandifunsa, akundiyang'ana m'maso, kuti amayi, kodi ndi a chiyani.

Ndinakhala pansi padothi pomwepo. Miyezi yonseyo ndinkalondera mlamu, anthu a pabenchi, makolo, mudzi wonse, pamene munthu amene anawerenga ankagona chipinda choyandikana ndi changa, akufota tsiku ndi tsiku podikira mawu anga. Ndinamuuza zonse, za bambo ake, za ine, za iye. Lolemba lake tinapita kuchipatala, ndipo anamwino sanandikalipire, anangondiyang'ana, zimene zinandipweteka kuposa kukalipa. Zinatenga nthawi kuti thupi lake libwerere, mpaka anachita kumusinthira mankhwala. Ndinawauzanso za laputopu ija ndipo ndinakaipereka kwa akuluakulu a pamenepo kuti aone chochita. Za malaputopu anayi aja sindinamvepo kanthu mpaka lero.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti makinawa saiwala, amaiwala ndi anthu amene amawagulitsa. Inu a m'maofesi, musanataye kompyuta kumbukirani kuti m'menemo muli anthu amene anakukhulupirirani. Inu ogula zogwiritsidwa kale ntchito, gulani ndithu, tonse tilibe ndalama ya zatsopano, koma muuze wogulitsayo aipukute yonse inu mukuona musanapite nayo kunyumba, ndipo musaisiyire mwana musanadziwe zimene zili m'kati. Koma kwenikweni ndikulankhula ndi inu makolo anzanga amene muli ndi nkhani imene mukuti mudzamuuza mwana mwezi wamawa. Muuzeni nokha, ndi pakamwa panu, asanakaipeze kwina, chifukwa akaipeza yekha sakhumudwa ndi nkhaniyo ayi, amakhumudwa ndi inu. Wanga anakula, ali bwino, amagwira ntchito, timaseka ndi kucheza ngati wina aliyense. Koma mpaka lero akabwera kudzandiona, mutu n'kumupweteka, ine n'kumupatsa piritsi m'manja, amayamba wandipempha paketi yake kuti awerenge yekha.