Anamuyesa nzeru m'Chizulu, ine ndili chete

Mphindi khumi ndi ziwiri basi. Chipatala china chachikulu kuno ku Joni chinatenga nthawi imeneyo kugamula kuti mng'ono wanga Jailosi mutu wake unatha. Wotchi ndinali nayo pamkono.

Zinali zaka za mapasi zija, pomwe munthu wakuda sankayenda wopanda chiphaso. Ife kwathu ndi ku Ntcheu, koma mapepala athu ankati tinabadwira ku Natala, ndipo Jailosi analembedwa kuti Sipho. Ambiri tinkatero poopa kubwezedwa kumudzi. Khunyu linamuzunza kuyambira ali mwana. Ankagwa kanayi pa sabata, mpaka tsiku lina anagwera pambaula n'kupsa mkono. Madokotala anati amuchite opaleshoni, achotse kachigawo ka ubongo komwe kankayambitsa matendawo. Wosaina ndinali ine.

Kugwa kunasiyadi, apo sindinama. Koma Chizulu chomwe anachiphunzira ali wamkulu chinayamba kumuthawa. Akafuna mawu, ankabwera a Chichewa.

Patatha masabata asanu ndi limodzi, anatiitana kuti akamuyese nzeru. Anati tifike 8 koloko m'mawa. Tinakhala pabenchi mpaka 1 koloko kudutsa, m'mimba muli pululu. Kenako mayi wina wachizungu anatilowetsa, nesi wachizulu akumasulira. Mayiyo anatulutsa chithunzi kuti Jailosi atchule chomwe akuona.

"Njinga," anatero Jailosi.

Nesi anapukusa mutu, mayiyo n'kuchonga kuti walakwa. Chithunzi china. "Mphaka." Walakwanso. "Lumo." Walakwanso. Nesi anati wodwalayu akungobwebweta. Mayiyo anandifunsa ngati ndikumva zomwe akunena.

Jailosi anandiyang'ana. "Achimwene, auzeni. Si njinga imeneyi?"

Ndinayankha kuti sindikumva. Ndinayankha m'Chizulu chosalala, maso ali pansi. Ndinkaona apolisi, ndinkaona sitima yobwerera kumudzi, ndipo ndinamukana mwana wa mayi anga. Manyazi ake ndikadali nawo mpaka lero.

Lipoti linati nzeru zake zawonongeka kwambiri, sangagwirenso ntchito. Bwana yemwe Jailosi ankamusamalirira maluwa analiwerenga n'kumuchotsa tsiku lomwelo.

Kulakwa kwanga ndikuvomera. Nanga inu, anthu ophunzira? Munatha kutsegula chigaza cha munthu, koma kumufunsa chilankhulo chomwe anayamwira kunakukanikani? Munthu wobwebweta amatchula mawu omwewo nthawi iliyonse akaona chithunzi chomwecho? Ndipo bwanji palibe anatichenjeza opaleshoni isanachitike kuti mawu ena akhoza kumasowa? Mukanatiuza, bwenzi titakonzeka.

Ndinabwererako katatu kukapempha kuti amuyesenso. Kalaliki anati fayilo inatsekedwa. Ulendo wachitatu sanadzutse n'komwe mutu, anangoti, "Dokotala analemba kale, baba." Ine nanenso chifukwa chenicheni sindinachitchule. Ndinkangoti tsiku lija anali wotopa.

Sindikunena kuti Jailosi anatuluka bwinobwino. Mayina a anthu atsopano amamuvuta, ndipo amatha kufunsa chinthu chimodzi kawiri. Koma kudulira maluwa sanaiwale. Ntchito akanaitha.

Abale anga, mukaperekeza wodwala kokamuyesa nzeru, nenani chilankhulo chake asanatulutse chithunzi choyamba. Akapanda kufunsa, nenani nokha, ndipo musatuluke mpaka apeze womasulira.

Jailosi tinamutumiza kumudzi chaka chomwecho, poti popanda ntchito sakanatha kukhala kuno. Sanandikalipire. Atakwera basi anatsegula zenera, chipsera chikuonekera pansi pa chipewa, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Achimwene, inali njinga."