Mipando Yobwereka

Nditasankhidwa kupita ku yunivesite, amayi anaimba nthungululu mpaka mawu kusasa, koma chimwemwecho sichinakhalitse. Mayina a opatsidwa ngongole ya sukulu atatuluka, langa munalibe. Ofuna anali ambiri. Ndinayang'ana pafoni ya mnzanga pa Msundwe, kuyambira pamwamba kutsika, kenako kuyambira pansi kukwera, ngati kuti dzina limabisala.

Bambo anamwalira ndili ku sekondale. Anatisiyira nyumba ya njerwa zowotcha ndi malata, yomwe anamanga fodya akulipira, komanso chigafa chimene chiswe chinamaliza. Wodutsa panjira ankaganiza kuti pakhomo pathu timadya bwino, koma malata sadyedwa.

Akatekisiti a kutchalitchi kwathu ndi amene anandiuza za kabungwe kena kamene kamalipirira fizi ana ochepa ochokera m'mabanja ovutika. Anati asanasankhe mwana, eni bungwe amafika kaye pakhomo kuti adzionere okha. Ndinalembera. Patapita nthawi uthenga unabwera woti afika Lachinayi, ndipo kuyambira pamenepo mtima wanga sunakhalenso m'malo. Popanda iwowo, yunivesite ndikanangoimva m'kamwa mwa anzanga.

Tsono amayi anga muwadziwe. Umphawi anali nawo, koma sankaulola kutuluka pabwalo. Chitenje chikabooka ankachimanga mwaluso kuti chibowocho chibisale mkati. Tikagona ndi njala, m'mawa ankatsukabe miphika poyera kuti oyandikana nawo asadziwe. Atamva za Lachinayi, anazira nyumba yonse ndi dothi lakuda, nasesa bwalo mpaka kunjira. Kwa akazi a aphunzitsi anabwerekako mipando yapulasitiki, tebulo ndi nsalu yake yamaluwa. Kwa alamu awo kunachokera mbale zagalasi ndi wailesi, imene anaiika pakati pa tebulo ngati mkwatibwi. Kenako anayamba kuyang'ana thadzi lathu, nkhuku yokhayo imene chitopa chinatisiyira.

Ndinawauza kuti anthuwa akubwera kudzaona kuvutika kwathu, osati ku chinkhoswe. Amayi ankadziwa bwino zimenezo, si kuti sanamve ayi.

"Ndiye ukufuna anthu ochokera kutawuni akhale pamphasa yong'ambika?" anandifunsa. "Akanene kuti pakhomo paja palibe munthu wamkulu?"

Ndinapsa mtima. Ndinawakumbutsa kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, pamene ife tinali kuchitseka n'kuikapo loko. Iwo anati sukulu yandichotsa manyazi, ndipo thadzi lija linaphedwa ine ndikuona.

Lachinayi dzuwa likuswa mtengo, galimoto inaima pansi pa mango. Munatuluka mayi wovala magalasi ndi bambo wina wachete amene ankalemba zonse pafoni. Amayi anawalonjera atagwada, nawalowetsa m'nyumba. Bambo uja anayang'ana malata, n'kulemba. Anayang'ana wailesi, n'kulembanso. Ndinkafuna kuinyamula wailesiyo n'kukaiponya kudzala.

Anadya mpunga ndi nkhuku, akuyamikira kuphika kwa amayi. Mayi wamagalasi atafunsa za zokolola, amayi anayankha kuti Mulungu amatisunga, sitidandaula. Atafunsa ngati pali wachibale wotithandiza, anati abale alipo ndithu, sitili tokha. Abale akewo anali malume amene nawonso ankadya kamodzi patsiku. Ine ndinali nditakhala pansi pafupi ndi khomo, thukuta lili kamukamu. Mwana satsutsa kholo pamaso pa alendo, choncho ndinangoluma mlomo.

Pomaliza mayi uja analankhula mofatsa. Anati makomo oti ayendere ndi ambiri, ena ovutika kwambiri, ndipo anatiyamikira kuti pakhomo pano zikuoneka kuti tikuyesetsa. Ndinamva tanthauzo lake. Ndinagwada ndi beseni kuti asambe m'manja, koma misozi inayamba kugwera m'beseni momwemo. Ndinayesa kubisa nkhope, koma amayi anali ataona kale.

Alendo atatuluka n'kufika pabwalo, amayi anawaitana. Pansi pa mango panali patadzaza anthu a m'mudzi odzaona galimoto, akazi a aphunzitsi ali pomwepo.

"Pepani, taimani pang'ono," anatero amayi. "Mipando mwakhalapoyo si yathu. Tebulo, mbale, wailesi, zonse n'zobwereka. Chathu chinali nkhuku mwadyayo, ndipo inali yomaliza."

Amayi anawatsogolera alendowo kuchipinda chimene m'mawa anachitseka dala. Anawaonetsa chimanga chotsala pansi pa thumba, mvula isanagwe n'komwe, ndi mphasa imene tinkagonapo awiri. Anawauzanso za malume zoona zake. Bambo wachete uja analemba kwa nthawi yaitali. Sanalonjeze chilichonse, anangoti tidzamva. Galimoto isanakhote n'komwe, amayi anasanjikiza mipando ija, kuisenza pamutu, n'kudutsa nayo pakati pa anthu aja osayang'ana kumbali.

Masabata otsatira anali owawa. Ndinkaopa kuti alendo aja atitenga ngati abodza, pakuti anaona nyumba ziwiri pakhomo limodzi, ndipo ndani akanawauza yoona? Tsiku lililonse ndinkakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba pamene netiweki imagwira, foni ili m'mwamba, koma kunali chete. Amayi nawo anasiya kupita kumjigo m'mawa pamene amayi anzawo amakhala ambiri. Ankapita masana dzuwa likuwotcha, ali okha. Sanandidzudzule ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo ndi zomwe zinkandipweteka kwambiri. Ndinkadzifunsa kuti ngati yankho lidzakhale lokana, ulemu wawo adzakhala atautayira chiyani.

Tsiku lina foni inalira ndili pachulu paja, ndikusenda mtedza wambewu. Anali mayi wamagalasi uja, ndipo anati ndikonzeke, fizi adzalipira. Ndinathamanga wopanda nsapato mpaka kudimba kumene amayi ankathirira mpiru. Ndinkayembekeza nthungululu ngati zija za poyamba. Iwo anatsitsa kheni pansi, napukuta manja pachitenje.

"Ndiye atipeza kuti ndife osaukadi, eti?"

Ndinati inde, amayi. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, maso ali pamadzi a m'chitsime.

"Chabwino. Ukaphunzire, kuti mlendo wako azidzakhala pampando wako."

Anatola kheni ija n'kupitiriza kuthirira.