Chingerezi cha pachulu

Kwathu kuno ku Malomo mwini mbumba ndine. Sukulu ndinalekezera sitandade 3, inde, koma maukwati onse a ana a mlongo wanga ndamanga ndine, ndipo sindinapemphepo chimkuzamawu.

Mwana womaliza wa mlongo wangayo, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anapeza mwamuna wa ku Kenya. Anandiimbira foni. "Amalume, akwawo samva Chichewa. Ndakupezerani mphunzitsi wa Chingerezi wa pafoni kuti pachinkhoswe mudzalankhule nokha. Koma musauze munthu, amayi ndidzawauza ndekha ndikabwera."

Mphunzitsiyo anali mtsikana, nkhope yake inkaonekera pafonipo. Netiweki kwathu imagwira pachulu chokha, kumtunda kwa mjigo. Ndangoyamba, iye akuti, "Agogo, sindikukumvani, kwezani mawu." Ine? Chibadwire palibe anandiuzapo zimenezo. Ndinakweza.

Iye ankafuna ndizinena zoona za moyo wanga, ati n'zimene zimalowa m'mutu msanga. Ndiye tsiku ndi tsiku ndili pachulu: mwana wathu wapeza mwamuna, mwana wathu adzakwatiwa, bwerezani agogo, mwaphonya mneni. Amayi otunga madzi sindinawawerengere. Ndinkati Chingerezi achidziwira kuti? Osadziwa kuti ena mwa iwo anafika fomu 2 kusukulu ya mishoni.

Mlongo wanga anabwera osaodira n'komwe. "Achimwene, mwana ndinabereka ine, ukwati wake ndikaumvere kuchigayo?" Ndinati wolakwa ndi netiweki. Sanamve. Abale anakhala pansi, unkhoswe n'kuupereka kwa mng'ono wanga, munthu woti akamalankhula umachita kumufunsa kawiri.

Nditamuuza mphunzitsi uja anati, "Pepani agogo, koma aneni a nthawi ya m'tsogolo mwayamba kuwakhoza bwino." Ndimve bwanji pamenepo? Wondiuza kukweza mawu anali ndani?

Tsiku la chinkhoswe anandikhazika kumbuyo, pabenchi ya alendo wamba. Mng'ono wanga anang'ung'udza zake m'Chichewa, wina n'kumatanthauzira, theka n'kumasiya. Mawu onse amene ndinakonza aja ndinali nawo pakamwa, ndinkangowatafuna.

Pomwazikana bambo a mnyamatayo anandipatsa moni. Ndinawayankha m'Chingerezi, mpaka kuwafunsa za mvula ya kwawo, ndipo a kumjigo aja anamva onse. Bamboyo anagwira dzanja langa nthawi yaitali. Koma tambala wa ankhoswe anali atapita kale kwa mng'ono wanga, ndipo anadya osanditumizira ngakhale phiko.