Tsiku limene ndinakuwa ku Mgona

Mwamuna wanga atapita ku Joni, ndinatsala ndekha m'kachipinda ka lendi ku Mgona, khoma limodzi ndi nyumba yoonetsera mavidiyo. Mwini wake anapachika sipika padenga kuti azikopa anthu, ndiye kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, palaini pathu pankangofa anthu. Mfuti, zibakera, akazi kulira m'Chingerezi ndi m'Chitchaina. Sindinalowemo ngakhale kamodzi, koma ndinkadziwa ndi khutu kuti uyu amubaya, uyu amuponya pawindo.

Masiku oyamba ndinkadzidzimuka mpaka kutaya ufa. Kenako ndinazolowera. Wina akukuwa kuti akumupha, ine ndili phee, kukanda mandasi anga ogulitsa. Amayi a khomo loyandikana ankayamwitsa mwana pakhonde, amuna awo, telala wachisilamu wa ku Mangochi, akupalasa makina osadzutsa mutu. Tinkangopatsana moni basi. Ndinali munthu wosakonda zoyankhulayankhula, ndipo ndinkadzitama nazo.

Tsiku lina masana kunkagwa mvula yowaza, choncho ndinalowetsa mbaula m'nyumba. Podzuka, chitenje chinakola chiwaya, mafuta owira onse n'kundikhuthukira pamwendo. Ndinakuwa. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa, ndili gone pansi, chitseko chili chotsekula. Kuseri kwa khoma anthu ankaimba malikhweru ndi kuomba m'manja, kaya ndani anagwa m'filimumo. Makina a telala ndinkawamva, sanaime. Ululu unalipo, koma chimene chinandiliza kwambiri n'chakuti anthu anali pompo, wobwera panalibe. Ndinakwawa ndekha mpaka pandowa ya madzi.

Magetsi atazima sipika inakhala chete, ndipo m'pamene amayi aja anamva kubuula kwanga. Analowa akuthamanga, mwana ali kumsana.

"Mayo ine! Pepani mayi, pepani zedi," anatero akundidzutsa. "Tinamva ndithu, koma timayesa ndi za mufilimuzi. Kunotu kukuwa sikugwira ntchito. Tsiku lina mukadzaona zovuta, mudzaitane munthu ndi dzina lake, ndiye timatuluka."

Ndinangogwedeza mutu. Anandiperekeza kuchipatala, ine nditatsamira phewa lawo, akundilankhula njira yonse kuti ndisakomoke. Ndinali nditakhala palainipo kupitirira chaka, ndipo dzina lawo sindinkalidziwa, ngakhale la wina aliyense. Ndinachita manyazi kufunsa.