A Dunsire, Mlonda wa Pakhomo la Abale

Alick Dunsire anabadwira ku Denrigg m'chaka cha 1938, mu mzere wachitatu wa nyumba za anthu a mumgodi. Analowa pansi ali ndi zaka khumi ndi zisanu, monga bambo awo, ndipo malasha anawasiyira timizere takuda m'manja tosachoka ndi sopo. Anakwatira Effie Pryde wa ku fakitale ya nsalu, nabereka mwana mmodzi, Moira. Kupatula mgodi ndi banja, mtima wawo unali ku Nyumba ya Abale, bungwe lathu la amuna lomwe limasonkhana pamwamba pa sitolo ya nyama.

Ine ndinalowa m'bungwelo mu 1982, ndipo amene ananditsegulira chitseko anali iwowo. Udindo wawo unali umenewo, mlonda wa pakhomo. Kawiri pamwezi, Lachinayi madzulo, msonkhano ukayamba mlonda amatsala kunja kwa chitseko, lupanga lobuntha lili m'manja, ndipo palibe amalowa asanamuone. Zovala zinali zodziwika: suti yakuda, malaya oyera, taye yakuda, nsapato zakuda, magolovesi oyera ndi epuloni. Poyang'ana munthu, a Dunsire ankayambira kumapazi n'kumakwera m'mwamba, mosafulumira.

Pafupi ndi mpando wawo panali kabati ya mataye ndi magolovesi obwereketsa oiwala. Amene ankazichapa anali Effie. Koma nsapato sankabwereketsa. Tsiku lina dokotala wa m'tauni mwathu, a Carstairs, anakwera masitepe ali wefuwefu, atavala nsapato zofiirira.

"Adokotala, zimenezo ndi zopitira ku gofu," anatero a Dunsire.

"Alick, ndikuchokera kobereketsa. Ndipotu wabadwayo ndi mdzukulu wa mlongo wako!"

"Mwamuna kapena mkazi?"

"Mkazi."

"Zikomo kwambiri. Kwanu si kutali, mutipeza."

Dokotala uja anatsika kukasintha.

Anthu amawakumbukira kwambiri a Dunsire chifukwa cha zimene zinachitika mu 1984, chaka cha sitiraka. Patatha miyezi isanu ndi itatu mgodi uli zii, Wattie Gourlay anabwerera kuntchito, atakwera basi yoperekezedwa ndi apolisi. Wattie anakumba malasha pambali pa a Dunsire zaka makumi awiri, ndipo ndiye anali mboni pa ukwati wawo. Sabata yomweyo, Lachinayi, anatulukira ku Nyumba ya Abale. Anatipeza tili pamasitepe. Wina kumbuyo anakuwa, "Alick, galu ameneyo asalowe!"

A Dunsire anayang'ana nsapato za Wattie, buluku, malaya, taye. Kenako anagogoda chitseko monga mwa mwambo.

"Lowani, Mbale Gourlay."

Abale asanu ndi awiri anavula maepuloni pomwepo n'kubwerera kwawo. Kuholo komwe amayi ankaphikira mabanja a onyanyala ntchito, Effie anatha sabata ziwiri akusenda mbatata popanda womuyankhulitsa.

"Ukanangomubweza, bwenzi ndili pamtendere," anawauza amuna ake.

"Ndikanamubweza ndi mlandu wanji? Anavala bwino."

"Nanga bwanji dzulo unamudutsa ngati mtengo pa positi ofesi?"

"Pa positi ofesi si pakhomo la Abale."

Zinakhala choncho mpaka Wattie anamwalira mu 2006. Kawiri pamwezi a Dunsire ankati, "Lowani, Mbale Gourlay," ndipo mawu ena aliwonse pakati pa awiriwo sanamvekenso. Iwo eni sanabwerere kuntchito mpaka sitiraka inatha.

Mgodi unatsekedwa mu 1988. A Dunsire anapeza ntchito yosamalira sukulu ya pulayimale, kutsegula zipata ndi kuyatsa moto wotenthetsa makalasi, mpaka anapuma. Amuna ambiri anapita ku Aberdeen ku ntchito za mafuta, ena ku mabasi, ena anangokhala. Pamene ndinkalowa tinalipo oposa zana, moti mapayi a nyama omwe timadya msonkhano ukatha ankabwera m'mathireyi anayi. Pofika 2009, ine ndili mlembi, thireyi imodzi inkatsalako.

Chaka chimenecho pampando wa utsogoleri panakhala Stevie Marr, dalaivala wa basi wa zaka makumi anayi. Stevie anabweretsa mfundo yoti suti ndi taye zisakhalenso zokakamiza. Anati anzake kuntchito amafuna kulowa, koma ambiri alibe suti, ndipo woweruka sikisi koloko sangathamangire kunyumba kukasintha n'kufika pa nthawi yake. Tinakangana ola lathunthu, a Dunsire ali kunja osamva kanthu. Pomaliza Stevie analamula kuti chitseko chikhomedwe ndipo mlonda alowe adzanene maganizo ake.

Sanayankhule zambiri. "Ine ndinkatuluka pansi folo koloko ndili bii," anatero. "Ndinkasamba kawiri. Ndikafika muno n'kuvala suti ndi magolovesi, palibe akanasiyanitsa ine ndi bwana wa mgodi. Tinkakhala benchi imodzi. Mukati aliyense azibwera m'mene waonera, mudzayamba kudziwa wolemera ndani, wosauka ndani."

"A Dunsire, bwana wa mgodiyo ali kumanda," anayankha Stevie. "Pamgodi pajanso pali sitolo ya matayala. Masiku ano wovala suti ndi amene ali ndi mlandu kukhoti."

Anthu anaseka, ngakhale okalamba. Tinakweza manja: khumi ndi atatu kuvomera, asanu ndi atatu kukana. Ine ndinavomera. Magolovesi ndi epuloni zinatsala, zina zonse munthu azisankha yekha.

Ambiri tinkaganiza kuti a Dunsire atula pansi udindo. Sanatero. Msonkhano wotsatira Stevie anabwera dala ndi jekete ya kampani ya mabasi. A Dunsire anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Tikiti ndidule pompano, Mbale Marr, kapena m'katimo?"

Atatero anamutsegulira.

M'zaka ziwiri zotsatira tinalandira anthu atatu okha, ndipo awiri anasiya. Effie anamwalira mu 2011, ndipo a Dunsire anayamba kuchapa okha magolovesi a m'kabati. Kenako mu 2013 kunabwera amuna asanu a zaka za m'ma makumi atatu, wina wometa tsitsi, wina wokonza makompyuta, amene anatipeza pa intaneti. Amenewa suti ankaikonda kuposa tonsefe. Ankabwera ndi mawotchi a tcheni ndi timipango m'thumba la pachifuwa, ndipo anafunsa ngati lamulo lakale lingabwerere. Ndinathamangira kukawauza a Dunsire poganiza kuti akondwa.

"Waona masokosi awo?" anandifunsa. "Ofiira. Buluku lolekeza pamwamba pa kakolo. Awa akuchita zisudzo, Iain."

Lamulo silinabwerere.

Mu 2015 a Dunsire anadwala sitiroko, dzanja lamanja linafa. Moira anawatengera kwake ku Kirkcaldy, ndipo lupanga tinalipereka kwa Darek, wokonza mipope wochokera ku Poland yemwe anakwatira kwathu kuno. Patatha miyezi inayi ndinapita kukawaona. Ndinawapeza pampando pafupi ndi zenera, atavala juzi yotuwa, akuonera mpikisano wa mahatchi pa wailesi yakanema. Mawu ankatuluka pang'onopang'ono, koma ankamveka.

"Lachinayi ndidzabwera ndi galimoto," ndinawauza. "Abale akufuna kukuonani. Masitepe tidzakunyamulani."

"Ndi juzi?"

"Lamulo likulola."

"Lamulo munasintha ndinu."

Moira analowa ndi tiyi. "Ababa, ndinakugulirani taye yongokoloweka ija. Ili m'dirowa, simunaigwireko n'komwe."

"Imeneyo ndi ya alonda a m'masitolo."

"Ndiye ndizikumangirani ine."

"Ndiwe mkazi wanga iwe?" Anatembenukira kwa ine. "Munthu wolephera kudzimangira taye azikhala panyumba. Upereke moni kwa onse."

Ndinapitanso kawiri ndi pempho lomwelo, kenako ndinaleka. Anakhala pafupifupi zaka zitatu kwa Moira, akutsutsana ndi mkamwini wawo za mpira ndi kudyetsa mbalame pakhonde. Anamwalira mu Febuluwale 2018, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu.

Polengeza maliro m'nyuzipepala, Moira analemba kuti obwera asavale zakuda, avale zowala, monga mabanja ambiri akuchitira masiku ano. Anati bambo ake sanasiye mawu alionse pa nkhaniyi, ndipo iye zakuda anatopa nazo kuyambira ali mwana. Foni yanga inalira masiku atatu. Ena ankati titsatire mwana wa malemu, ena ankati kutero n'kunyoza malemuwo. Sitinagwirizane chimodzi.

Tsikulo Abale khumi ndi asanu ndi anayi tinakhala mizere iwiri kumbuyo kwa banja. Ena anali m'masuti akuda, Stevie Marr mmodzi wa iwo, ena m'majuzi ofiira ndi achikasu. Ine ndinavala juzi yobiriwira, pamwamba pake chijasi chakuda. M'nyumba yochitiramo mwambowo munali motentha, koma chijasicho sindinavule mpaka mwambo unatha.