Lamulo la Kuiwala

Buku langa ndinaliyambira mu minibasi. Timakhala ku Silverest, m'nyumba imene mbali ina ilibe pulasitala mpaka lero, ndipo m'mawa uliwonse ndinkakwera kupita ku tauni kumene ndinkataipa ndi kusindikiza mapepala a anthu m'kashopu kena. Satifiketi yanga ya ku koleji ndi ya zimenezo, za makompyuta ndi za mu ofesi. Za kulemba mabuku palibe amene anandiphunzitsa. Magalimoto akathithikana tisanalowe mu Lusaka, ndinkatulutsa foni n'kumalemba ndi zala ziwiri, chikwama chili pamiyendo, chigongono cha munthu wina chili m'nthiti mwanga. Kondakitala wina anazolowera kundiseka. Ankati amene ndimamulembera mameseji aatali chonchi ayenera kuti anandilakwira zedi, koma ndingomukhululukira, amuna ndi osowa masiku ano.

Nkhaniyo inali ya dziko la m'tsogolo kwambiri, kumene mvula inaleka kubwera yokha. Kuti igwe pankafunika akazi ena otchedwa oitana mvula, oyenda mudzi ndi mudzi atasenza mitsuko yopanda kanthu. Ndinajambula mapu a dzikolo kumbuyo kwa pepala lowonongeka la ku shopu, mitsinje youma, mizinda ya pansi pa nthaka, ndi phiri limodzi limene ndinalibera kwathu kuno. Bambo a kunyumba, amene amagwira ntchito mu ofesi ya boma, ankalitcha buku la mfiti zanga. Ankanena moseka, ndipo madzulo ena ankafunsa ngati mfitizo zadya kale kapena nazonso zikudikira ndiwo ngati iwo.

Ndinali m'gulu la olemba pa foni, anthu amene sitinaonanepo maso. Mmodzi wa iwo, mphunzitsi wa ku sekondale, atawerenga machaputala oyamba anandiuza kuti akazi angawo ali ndi mphamvu zaulere, ndipo mphamvu zaulere zimapha nkhani. Ngati mvula ingagwe nthawi iliyonse imene munthu wafuna, owerenga adzaopa chiyani? Anandifunsa kuti woitana mvula amataya chiyani akaitana. Anawonjezeranso kuti lamulo ukaliika m'dziko lako lopeka, woyamba kumangidwa nalo ndiwe mwini. Sungalimasule pa tsamba limene lakuvuta.

Ndinaganiza kwa masabata angapo, kenako ndinalipeza. Mvula ikagwa, amene waiitanayo amaiwala munthu mmodzi amene amamukonda, ndipo sasankha yekha. Ndinasangalala nalo lamulolo ngati mwana amene watola ndalama panjira. Linakonza zinthu zambiri nthawi imodzi: chifukwa chimene akaziwa sakwatiwira, chifukwa chimene anthu amawalemekeza koma safuna kuti awazolowere. Ndipo linandionetsa kumene nkhani ikupita. Mkazi wa m'nkhani yanga anali ndi khanda, ndiye tsiku lina anayenera kuliiwala.

Chaputala chimenecho ndinachilemba pa ulendo umodzi wa minibasi, ndili ndi pakati pa mwana wachiwiri. Mkaziyo akudzuka, mvula ikugwa, akuona khanda pamphasa, akufunsa kuti ndi la yani. Akulipereka kwa mnansi, akusenza mtsuko wake, akupita osacheuka. Ndinachilemba chosalala, chopanda msozi, ndipo a m'gulu anachiyamikira kwambiri. Ndinanyada. Wanga wa m'mimba anali kundimenya timateche nthawi yonse imene ndinkalemba.

Mimba itakula, bambo a kunyumba anatumidwa ku msonkhano wa ntchito kutali, ndiye anatisiya ine ndi mwana wathu woyamba, wamkazi, kwa amayi awo ku Nkomeshya. Apongozi angawo ndi mayi wa dimba, wolima tomato ndi repu, wa pakamwa pakuthwa, wosaphonya Misa. Kumeneko ndi kumene timateche tija tinaleka. Ndinadikira, ndinamwa madzi ozizira, ndinagonera mbali iyi ndi iyo. Titafika ku chipatala anamwino anamvetsera mtima wa mwana ndi kachipangizo kawo kwa nthawi yaitali, n'kuitana mnzawo kuti nayenso amvetsere. Palibe amene analakwitsa kanthu. Mtima wa mwanayo unali utangoima.

Ndinabereka monga amaberekera ena onse, ululu womwewo. Mwanayo atatuluka, namwino anafunsa ngati ndikufuna kumuona. Apongozi anayankha m'malo mwanga kuti iyayi, ndipo ine, wotopa, mutu uli zii, ndinavomera ndi mutu. Anamutenga. Ndisanatuluke m'chipatala, amayi akuluakulu a m'mudzi anali atamuika kale.

Mwana wotere amamutcha nthayo, ndipo alibe maliro. Amakamuika akazi okhaokha, m'dzenje losazama, popanda bokosi, popanda nyimbo, popanda chizindikiro. Amuna sapitako ndipo safunsa. Mayi wake salira mokweza, chifukwa amati kulira kumatseka njira ya ana ena amene akubwera. Anandilangiza zonsezi mokoma mtima, atakhala mondizungulira, wina akundisisita msana. Anati anali madzi chabe, atayika, mtsuko ukadalipo. Anati ndiiwale.

Tinabwerera ku Silverest. Popeza kunalibe maliro, kunalibenso wobwera kudzapepesa. Ku tchalitchi anthu ankayang'ana pamimba panga, n'kuyang'ana kumbali, n'kundifunsa za mwana woyamba. Mnansi wina anandiuza pa mpanda kuti ndikadali mwana, ndidzabereka ena mpaka ndidzatope nawo. Bambo a kunyumba anachotsa okha kabeseni ndi timatewera timene tinagulira mwanayo n'kukazibisa sindikudziwa kuti. Anali ofatsa nane kuposa kale, koma nkhaniyo sankaiyamba, ndipo za mfiti zanga analeka kuzitchula.

Mkaka unabwera. Palibe amene anauuza kuti kulibe woyamwa. Ndinkamanga chifuwa ndi chitenje molimba mpaka kupuma kunkavuta, ndikuika masamba a kabichi monga anandiuzira, koma khanda la munthu wina likalira mu minibasi bulauzi inkanyowa. Manja anga ankangofuna kunyamula kanthu. Tsiku lina ndinapezeka ndaima pakhitchini ndikugwedeza paketi ya shuga paphewa.

Apa ndinene chimene sindinauzepo munthu. Ndinayamba kukhulupirira kuti ndinachiitana ndine. Ndine wopita kusukulu, ndimadziwa kuti mawu a pa foni saimitsa mtima wa mwana. Koma ndinali nditalemba za mayi amene akutaya khanda lake, ndikumwetulira, khanda langa likumva. Ndinasiya kutsegula bukulo. Mantha onse anasamukira pa mwana woyamba. Akagona masana ndinkaika chala pansi pa mphuno yake. Akakhosomola kamodzi ndinkayamba kufuna chitenje choti ndimuberekere ku chipatala. Ndinamuletsa kusewera panja, mpaka iye mwini anandifunsa ngati walakwa.

Panapita miyezi ndisanawerengenso chaputala chija. Nditachiwerenga, mantha aja anachepa pang'ono, koma m'malo mwake munalowa manyazi. Chinali chabodza. Sichinaitane kanthu, chifukwa sichinkadziwa kanthu. Ndinali nditalemba kuiwala ngati kusesa pabwalo. Lamulo langa linkati mutu uiwala, ndipo limenelo sindikanalisintha. Koma silinanene kanthu za mawere, za manja, za msana wozolowera kulemera. Ndinayamba kuchikonza, n'kupeza vuto lina lalikulu. Khanda la m'nkhaniyo linalibe nkhope. Paliponse ndinangolemba kuti khanda, khanda. Owerenga sangalire munthu amene sanamuone. Ndinayesa kulipatsa nkhope yopeka, ine amene ndinapeka mizinda yathunthu, koma zala zinkangoima. Langa lenileni sindinalione. Sindinkadziwa ngakhale kuti anali mwamuna kapena mkazi.

Chilimwe chili pakati ndinapita ndekha ku Nkomeshya. Ndinawapeza apongozi ku dimba akuthirira ndi keni. Anandilandira ndi chipongwe chawo cha masiku onse, kuti ife a ku mapuloti a m'tauni tabwera kudzaona mmene tomato amamerera, popeza kwathu timaganiza kuti amamera m'pulasitiki. Ndinawathandiza kutunga madzi. Titathirira mizere ingapo ndinawapempha kuti andionetse pamene anamuika.

Anakana. Anati pamalopo sipabwereredwa, ndipo iwo sakufuna kudzanenedwa kuti ananditsekera mimba ndi manja awo. Kenako anandiyang'anitsitsa n'kufunsa ngati n'za buku lija limene mwana wawo anawauza. Ndikanatha kunama. Ndinati mbali ina inde. Anakwiya kwambiri. Anati mdzukulu wawo si ndiwo zoti ndikakometsere nthano za mfiti kuti anthu a pa foni aombe m'manja. Zimenezo ndinali nditadzifunsa kale ndekha.

Tinathirira mizere ina. Pomaliza ndinati, “Amai, munaniuza kuti niiwale, ndipo nayesa. Niuzeni chabe amene nifunika kuiwala.”

Sanatembenuke. Anapitiriza kuthirira mzere umene unali utanyowa kale.

“Anali mwamuna,” anatero. “Tsitsi yambiri maningi, yakuda bii, monga anapita kale ku saluni. Tuzala tutali. Pakamwa ni pako, osati pa ise.”

Anati anamukulunga m'chitenje chawo cha chigwirizano cha amayi a ku tchalitchi, chatsopano. Anati asanamukwirire anamudontheza madzi pamphumi anzawo akuyang'ana kwina, ngakhale akudziwa kuti ansembe anganene kuti ubatizo wa wakufa suwerengedwa. Ndinafunsa ngati anatchula dzina pomudontheza madziwo. Anati zimenezo n'zawo ndi Mulungu. Ndipo anati ndanyamula zokwanira, ndisadzafunsenso. Pamalopo sanandionetse, ndipo mpaka lero sindipadziwa. Pobwerera anandimangira tomato wambiri woposa amene tikanatha kudya.

Chaputala chija ndinachilembanso. Lamulo ndinalisunga: mkaziyo akuiwaladi, ndipo sadzakumbukiranso, ngakhale ndinkalakalaka kumuchitira chifundo pa tsamba lomaliza. Koma tsopano owerenga amayamba aliona khandalo, tsitsi lake, tizala take togwira mkanda wa amake. Ndipo akalipereka kwa mnansi n'kunyamuka, mkaziyo sakumvetsa chifukwa chimene nsalu yake ikunyowera pachifuwa, kapena chifukwa chimene akuyendera mowerama pang'ono ngati wabereka kanthu kumsana. Akufunsa anzake ngati akudwala. Anzakewo akudziwa, koma mwambo wawo suwalola kumuuza.

A m'gulu anati ndi chinthu chabwino koposa chimene ndinalembapo. Mphunzitsi uja anafunsa kuti ndinaphunzira kuti kulemba chonchi. Ndinayankha kuti ndinangochikonza. Kuyamikira kwawo kunandipweteka kuposa mmene kunyoza kukanandipwetekera, ndipo mwina apongozi ananena zoona. Sindikudziwa. Ndikudziwa kuti ndikanasankha chaputala chabodza chija, bola kuchipinda kukhale mwana wolira.

Panatsala munthu mmodzi. Ndinkaganiza kuti bambo a kunyumba anauzidwa zonse ndi amayi awo, n'kusankha kukhala chete. M'mawa wina akupukuta nsapato pakhomo la khitchini, mwana wathu akudya phala, ndinangoti, “Anali mwamuna.”

Burashi inaima. Sanafunse kuti ndani.

“Anakuuza ndani?”

“Amai.”

“Ine sananiuze,” anatero. “Nenze kuyopa kufunsa. Nenze kuganiza kuti iwe unamuona, ndiye sufuna kukamba.”

Ndinawauza za tsitsi, za tizala, za pakamwa, za chitenje. Anamvetsera akuyang'ana nsapato. Nditamaliza anandipempha kuti ndinenenso za tsitsi, ndipo ndinanenanso. Mnzawo amene amapita naye ku ntchito analiza hutala panja pa geti, n'kulizanso. Iwo anakhalabe pa sitepe paja, nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja, mpaka galimotoyo inapita yokha.